Mawu akuti "tea" m'kamwa mwa Angerezi: mmene mungawamvetsere

Mwezi wanga woyamba ku Leeds, mayi wina amene ndinkagwira naye ntchito yosamalira okalamba anandiuza kuti, "Come round for your tea at six." Ndinadya nsima kaye, poganiza kuti kumeneko ndikangomwa kapu imodzi ndi bisiketi. Ndinapeza mbatata ya kachewere, nyama ndi kaloti zili patebulo, ana atakhala kale akudikira mlendo. Zinandipweteka mtima kusiya chakudya chimene munthu anavutikira kuphika. Tiyi timamudziwa bwino, minda ya ku Thyolo ndi Mulanje ndi yathu, ndipo wina mwa tiyi amene Angerezi amamwa amachokera komweko. Koma mawu akuti "tea" iwo anawasenzetsa katundu wambiri. Tiyeni tiwamasule mtolo umodziumodzi.

Choyamba, yang'anani nthawi ndi dera. Kumpoto kwa England, m'mizinda ngati Leeds, Manchester ndi Newcastle, anthu ambiri amatchula chakudya chamadzulo kuti "tea", chamasana n'kumati "dinner". Mukamva kholo likufunsa mwana kuti "What do you want for your tea?" dziwani kuti nkhani ndi ya mgonero. Akakuitanani nthawi ya 5 kapena 6 koloko madzulo, pitani ndi njala. Mukakayika funsani ngati kudzakhala chakudya, palibe amene adzakuoneni mwachilendo. "Afternoon tea" ndi china: tiyi wa masana dzuwa litapendeka, wokhala ndi masikono, keke ndi timasangweji ting'onoting'ono. Mwambowu amati anautchukitsa ndi Anna, Duchess of Bedford, cha m'ma 1840. Alendo ambiri amaganiza kuti "high tea" ndiye wa anthu apamwamba, pamene kwenikweni anali mgonero wa anthu ogwira ntchito zolemetsa akaweruka.

Chachiwiri, phunzirani mawu a chakumwa chenichenicho, chifukwa awa mudzawamva tsiku lililonse. "Cuppa" ndi kufupikitsa "cup of tea". Kumpoto amakonda kunena "brew", ndiye wina akati "Fancy a brew?" akukufunsani ngati mumwe tiyi, osati mowa. "Builder's tea" ndi tiyi wokhathamira, wothira mkaka, kawirikawiri ndi shuga, wa m'kapu yaikulu monga amamwera amisiri omanga nyumba. "White, two sugars" ndiye kuti muthire mkaka ndi timasupuni tiwiri ta shuga. Kwa inu amene mukupita kukagwira ntchito yosamalira okalamba, apa m'pofunika kuikapo mtima. Gogo amene waiwala mayina a adzukulu ake amakumbukirabe mmene amafunira tiyi wake, ndipo mukamufunsa kuti "How do you take it?" n'kumupangira ndendende, ubwenzi wayamba. Mvetseraninso mawu akuti "I'll put the kettle on." Pamwamba pake ndi kutereka ketulo basi, koma munthu akawanena mnzake atangolandira uthenga woipa, akutanthauza kuti khala pansi, ndili nawe. N'chimodzimodzi ife tikamuyalira mphasa munthu wobwera ndi nkhawa tisanamufunse chimene chamuyendetsa.

Chachitatu, lowezani zining'a zitatu zimene mungayambe kugwiritsa ntchito lero lomwe. "It's not my cup of tea" ndi njira yaulemu yonenera kuti chinthu sichikusangalatsani. Anzanu akakuitanani kokaonera mpira wa cricket inu mulibe nawo chidwi, yankhani choncho, palibe amene adzakhumudwe. Ndimachikonda chining'achi chifukwa sichinyoza chinthucho, chimangonena kuti mitima imasiyana. Samalani pochinena za munthu iye ali pomwepo. "A storm in a teacup" ndi mkangano waukulu pa nkhani yochepa, kukuza kanthu kosayenera kukuzidwa. Ku America amati "a tempest in a teapot". Muchinene pokamba za nkhani imene yatha kale. Mukamuuza munthu amene mtima udakali m'mwamba kuti vuto lake ndi namondwe wa m'kapu, mwathira mafuta pamoto. "Not for all the tea in China" ndi kukanitsitsa kwa mtu wagalu, kuti ngakhale mundipatse chuma chochuluka bwanji sindingachite.

Palinso china choseketsa, "as useful as a chocolate teapot". Tiyipoti wa chokoleti angasungunuke mukathiramo madzi otentha, ndiye amanena chinthu chopanda ntchito. Nenani za foni yakufa kapena ambulera yobooka. Za munthu ayi, n'chipongwe.

Chachinayi, siyanitsani tiyi wa ku Britain ndi wa ku America. Achinyamata pa TikTok ndi Instagram akalemba kuti "spill the tea" akutanthauza kuti ulula nkhaniyo, tiuze miseche. "What's the tea?" ndi kufunsa kuti kwagwanji. Mawuwa anachokera kwa anthu akuda a ku America ochita zisudzo zotchedwa drag, ndipo poyamba chinali chilembo T, choimira "truth", choonadi cha munthu. Kenako T uja anasanduka "tea" popeza zimamveka mofanana, ndipo intaneti inawafalitsa dziko lonse, mpaka ana athu a ku Lilongwe ndi Blantyre akuwalemba pa WhatsApp. Awa ndi mawu a pakati pa anzanu a msinkhu umodzi. Mukawanena kwa gogo wa zaka 85 ku Yorkshire, adzayang'ana pansi kufuna kuona pamene tiyi watayikira. Musawalembe m'kalata ya kuntchito, ndipo kwa abwana musayerekeze.

Chachisanu ndi cha kumva kokha. Ku East End, kum'mawa kwa London, kunabadwa kalankhulidwe kotchedwa Cockney rhyming slang m'zaka za m'ma 1800, kobisa mawu pogwiritsa ntchito ena omveka mofanana kumapeto. "Tea leaf" ndi "thief", mbala. "Rosie Lee" ndi tiyi. Wina akati mnyamata uja ndi "tea leaf", gwirani chikwama chanu. Inu musavutike kuwalankhula, m'kamwa mwa mlendo amamveka ngati mukuwatsanzira eni ake.

Tsono chitani izi kwa sabata ziwiri. Gulani kope laling'ono lokwana m'thumba. Nthawi iliyonse mukamva "tea" pamalo pamene palibe kapu, lembani chiganizo chonsecho, amene wanena, msinkhu wake, ndi amene amamuuza. Madzulo funsani mnzanu mmodzi wobadwira komweko kuti akuuzeni tanthauzo, mumufunsenso ngati iye angawanene kwa amayi ake. Funso lachiwirili ndi limene lidzakuuzeni mawu oyenera pagulu ndi oyenera pa anzanu okha. Chining'a chimene mwachimva kwa anthu atatu osiyana, chiyeseni kamodzi pa nthawi yopuma kuntchito, muone nkhope zawo. Sabata ziwirizo zikatha tsegulani tsamba latsopano, mulembe pamwamba mawu ena a tsiku ndi tsiku, monga "bread" kapena "hand", muyambirenso.