Ulendo wa pa boti la thanga kuchokera ku Nkhunga: mmene mungauyendere ndi anzanu

Anthu ambiri amaidziwa nyanja ya ku Nkhunga kudzera pa zenera la minibasi. Amadutsa pa msewu wa M5, kuona minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, kugula usipa pa siteji, basi apita. Koma gombe loyambira pa mathiriro a mtsinje wa Dwangwa kulowera kumpoto, kudutsa ku Ngala, Dwambazi, Tukombo, Kachere, Kande, Bandawe mpaka ku Chintheche, limakoma kwambiri ukaliona uli pamadzi, injini ili zii, mphepo yokha ikukoka boti. Abwenzi anayi kapena asanu akhoza kuuyenda ulendo umenewu masiku anayi kapena asanu. Chofunika kuvomereza musanaponde m'boti n'chakuti ndondomeko ya tsiku simupanga ndinu. Imapanga ndi mphepo.

Choyamba sankhani mwezi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, mphepo yozizira yochokera kummwera chakum'mawa. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita opitirira 550, ndipo mwera umayenda motsata utali wonsewo, ndiye pofika ku Nkhotakota mafunde amakhala atakula. Gombe la kuno m'malo ambiri ndi lamchenga, loonekera, lopanda miyala kapena magomo oti boti n'kubisalamo. Akatswiri a mpikisano wa maboti a matanga umene unayamba mu 1984 amasankha dala nyengo ya mwera chifukwa amafuna liwiro, komanso amakhala ndi maboti owalondola pambuyo. Inu simuli pa mpikisano. Sitima ya Vipya, yachitsulo, yatsopano, inamira pa 30 Julaye 1946 kumpoto kwa nyanjayi chifukwa cha namondwe wa nyengo yomweyi, ndipo anthu pafupifupi 145 anafa. Nyengo ya mvula nayo ili ndi zake: mpoto, mphezi, ndi namondwe wobwera mosagogoda. Nthawi yabwino ndi kuyambira pakati pa Seputembala mpaka kumayambiriro kwa Novembala, pamene mwera wafooka koma sunatheretu. Kamphepo kotsalako n'kamene kakukankhireni kumpoto. N'chifukwa chake ndikunena ulendo wolowera ku Chintheche osati ku boma la Nkhotakota: boti lamatabwa la thanga limodzi limayenda bwino mphepo ikachokera kumbuyo kapena m'mbali, koma kulimbana nayo maso ndi maso silitha.

Chachiwiri ndi munthu, osati boti. Pezani mwini boti amene anakulira pa nyanja yomweyi, ndipo abwere ndi womuthandiza mmodzi. Njira yabwino yomupezera ndi kufunsa kwa akomiti ya padoko, imene asodzi amaitcha BVC, kapena kwa anyakwawa a m'mudzimo. Musatenge aliyense amene wakuthamangirani pa gombe. Mukam'peza, khalani pansi mukambirane zonse: malipiro a tsiku, chakudya chake, ndani alipire thanga likang'ambika, masiku odikira mphepo awerengedwa bwanji, komanso boti lidzabwerera bwanji. Mufunseninso ngati botilo linalembetsedwa ku nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi. Kuchokera pamenepo iyeyo ndi akapitawo. Akati "lero sitinyamuka," ngakhale mmodzi wa inu akhale bwana wamkulu ku Lilongwe, yankho ndi lakuti "chabwino madala, tamva."

Botilo liyenderenso nokha masana, lili pamtunda. Gwirani matabwa apansi, muone ngati pali pofewa kapena pomatidwa mwachangu. Yang'anani pamene mlongoti wakhazikika, zingwe zoukoka, nsungwi yonyamula thanga ndi chiwongolero. Mukhale nkhafi zosachepera zinayi, nangula wokhala ndi chingwe chachitali, zokapira madzi ziwiri (chigubu chodula pakati chimagwira bwino ntchitoyi), singano yaikulu ndi ulusi wosokera thanga, komanso nsanza ndi phula zomatira. Ngati pali kainjini ka panja, katengeni ndi petulo wake, kakhale kodikira tsiku loipa. Ndipo aliyense akhale ndi jekete yake yoyandamitsa, yomukwana, yovala osati yokhalira. Pa mfundo imeneyi sindinyengerera. Ambiri a ife amene timati timadziwa kusambira tinaphunzirira pa dziwe la kumudzi. Nyanja ino ili ndi malo akuya mamita pafupifupi 700, ndipo madzi ake sanyamula thupi ngati madzi amchere.

Katundu achepe. Ufa, mpunga wa kuno komweko, nyemba, mchere, mafuta ophikira, tomato, anyezi, masamba a tiyi ndi shuga, zonse m'zidebe zotsekeka. Madzi akumwa m'zigubu za malita 20, powerengera malita atatu pa munthu pa tsiku, ndi mankhwala a kulorini othira m'madzi amene mukatunge m'njira. Neti yoteteza udzudzu aliyense yake, tenti kapena lona, tochi, chipewa, malaya a manja aatali, ORS, panado, mabandeji. Foni iikeni m'botolo la pulasitiki la kukamwa kwakukulu, lotseka bwino, ndipo mukhale ndi manambala a Airtel ndi a TNM onse, poti netiweki imasinthana malo. Katundu wolemera akhale pansi, pakati pa boti, womangidwa. Ndalama musonkhe thumba limodzi, msungi akhale mmodzi, ndipo azilemba chilichonse. Ubwenzi wambiri umasokonekera pa mtengo wa mulu wa utaka.

Musanachoke, uzani munthu wa kunyumba malo amene mugone usiku uliwonse, ndipo mugwirizane kuti muzimuimbira dzuwa likamalowa. Kudziwitsanso apolisi ya Nkhunga kuti mwanyamuka anthu angati sikuwononga kanthu.

Tsopano tsiku lenilenilo. Dzukani kusanache, tambala wachiwiri akulira. Mvetserani nyanja musanaione. Ngati mafunde akumenya gombe mwaphokoso usiku wonse, kutali pa nyanja kuli mphepo imene sinafike. Tsegulani wailesi kapena foni mumve ngati a nthambi ya zanyengo achenjeza za mwera. Amatero kawirikawiri, ndipo chenjezo lawo si lokambirana. Kenako onani asodzi. Ngati eni nyanja akokera mabwato awo pamwamba pa mchenga n'kukhala pansi kumasoka maukonde, inunso khalani pansi.

Kukakhala bwino, imwani tiyi ndi chinangwa kapena mbatata, longedzani, ndipo pofika 6 koloko mukhale muli pamadzi. M'mamawa nthawi zambiri kamphepo kamachokera kumtunda, kofatsa, kothandiza kutuluka pa gombe. Dzuwa likakwera mphepo imatembenuka, imakula, ndipo masana ndi pamene nyanja imakwiya. Choncho yendani maola anayi kapena asanu okha. Pa liwiro la boti lotere, amenewo ndi makilomita 20 kapena 30, ndipo n'zokwanira. Pofika 10 koloko kapena 11 koloko mukhale mukuyang'ana pokocheza.

Pamadzi aliyense akhale ndi ntchito. Akapitawo ali pa chiwongolero. Wina agwire chingwe cha thanga m'manja, asachimange mfundo yakufa, kuti mphepo ikawomba modzidzimutsa angochimasula thanga n'kupuma. Wina akape madzi, ndipo ntchito imeneyi muzisinthana popanda kunyinyirika chifukwa boti lamatabwa lililonse limalowa madzi pang'ono. Wina akhale kutsogolo kuyang'ana matchera. Asodzi amatchera madzulo n'kukavuula m'mawa, ndipo chizindikiro chake chimangokhala kabotolo kapena kachidutswa ka silipasi koyandama. Mukaona mzere wa timabotolo, uzungulireni. Ukonde umenewo ndi sukulu fizi ya mwana wa munthu. Posintha mbali ya thanga akapitawo anene mokweza, onse aweramitse mitu, ndipo musamuke mmodzimmodzi. Palibe kuimirira, palibe kuthamangira mbali imodzi kukaona nkhwazi. Mowa udikire kumtunda.

Musatalikire gombe mopitirira pamene mungathe kupalasa n'kubwerera, koma musaliyandikirenso kwambiri pa mathiriro a mitsinje. Pamene Dwangwa ndi Dwambazi ikuthira m'nyanja pali mchenga wosuntha, bango, ng'ona ndi mvuu. Madzi osefukira a mu Febuluwale 2024, amene anasamutsa mabanja ambiri ku Dwangwa, komanso kukwera kwa nyanja kwa chaka chomwecho, zinasintha magombe ambiri, moti pena pamene panali mchenga woyera pali zitsa ndi maziko a nyumba pansi pa madzi. Apa m'pamene munthu wa konkuno amaposa mapu a pa foni.

Maso akhalenso kuthambo ndi kutali pamadzi. Mzere wakuda pamwamba pa nyanja, wokhala ndi timitu toyera, ndi mphepo ikubwera. Chepetsani thanga isanakufikeni, osadikira kuti muone mphamvu yake. Mukaona chinthu chonga utsi chikukwera pakati pa nyanja, si sitima ikupsa ayi, ndi nkhungu, tizilombo timene anthu a m'mbali mwa nyanja amakola ndi madengu n'kupanga ndiwo. Mtambo wake ukakupezani, phimbani pakamwa ndi mphuno ndi chitenje. Ndipo zikavuta boti n'kugudubuzika, musalisiye. Werenganani, gwirani botilo, imbani likhweru. Gombe limaoneka pafupi kuposa mmene lilili.

Kukocheza ndi pamene ngozi zambiri zing'onozing'ono zimachitikira. Tsitsani thanga mukadali kunja kwa mafunde osweka. Ponyani nangula, mutu wa boti uyang'ane kunyanja, kenako muzimasula chingwe pang'onopang'ono boti likubwerera chambuyo mpaka madzi afike m'chiuno. Tsikani mmodzimmodzi, tulutsani katundu, ndipo musaime pakati pa boti ndi gombe funde likubwera. Pomaliza likokereni pamtunda pa mitengo yogubuduzira. Anyamata a padoko akakuthandizani, athokozeni ndi kenakake.

Musakhome tenti musanaonekere. Gombe lililonse lili ndi eni ake. Awiri a inu apite ndi akapitawo kwa amfumu kapena kwa wapampando wa padoko, anene kuti "Odi, ndife alendo, tachokera ku Nkhunga, tikupempha pogona usiku umodzi." Kuyambira dera la a Kanyenda kupita kumpoto mudzamva Chitonga chikuchuluka, ndipo kungoti "Mwe uli?" kumatsegula zitseko. Afunseni posambira, potunga madzi, ndi chimbudzi chimene mungagwiritse ntchito. Nyanja si chimbudzi: kolera ya mu 2022 ndi 2023 inazunza kwambiri madoko a m'mbali muno. Sambani pamene pali mchenga woyera ndi madzi oyenda, masana, osati m'bango kapena m'madzi odikha mmene mumakhala nkhono za likodzo, ndipo osati chisisira pamene ng'ona zimasaka.

Masana onse otsalawo ndi anu, ndipo kwa ine m'pamene pagona kukoma kwa ulendowu. Mbaula iyake pamchenga, osati m'boti. Gulani nsomba kwa amene angofika kumene: utaka, ncheni, kampango, kapena chambo mukachita mwayi, koma kanani tiana ta chambo ngakhale atsitse mtengo. Lawani kondowole ndi chigwada. Yanikani zovala, sokani thanga, gonani pansi pa mtengo, tulutsani bawo. Ku Kande kuli kachilumba koonekera pa gombe. Ku Bandawe kuli tchalitchi chakale ndi manda a amishoni a Livingstonia amene anasamukira kumeneko mu 1881 kuchokera ku Cape Maclear. Usiku wopanda mwezi, nyanja imadzaza ndi nyali za asiginala okopa usipa kuti ulowe m'chilimila, ngati mzinda wamangidwa pamadzi. Khalani muonerere, koma inu musayende usiku. Boti lanu lilibe nyali, ndipo maboti a injini amathamanga mumdima.

Lidzafika tsiku limene mphepo idzakana. Mwina mwera udzabwerera kwa masiku awiri, mwina kudzangoti bata, thanga lili lende. Apa m'pamene abwenzi amayambana, chifukwa wina ali ndi ntchito Lolemba. Konzekeranitu: onjezani masiku awiri pa ndondomeko yanu, ndipo mugwirizane musananyamuke kuti amene wafulumira akwere minibasi, poti msewu wa M5 sutalikira gombe limeneli. Asakakamize gulu lonse kulowa pamadzi. Ndinaonapo anthu akumunyoza mwini boti kuti ndi wamantha, iye n'kungoyankha kuti, "Achimwene, nyanjayi ndimaidziwa ine, inu mumadziwa kalendala." Patangopita ola limodzi mafunde anali akufika pamene tinayala mphasa.

Wina adzanena kuti tiwolokere ku Likoma kapena ku Chizumulu. N'zoona kuti maboti a matanga awoloka nyanjayi kuyambira kale, kuphatikizapo a Jumbe wa ku Nkhotakota amene m'zaka za m'ma 1800 ankanyamula anthu ogwidwa ukapolo kupita nawo tsidya la kum'mawa. Koma kuwoloka ndi ulendo wa tsiku lonse pakati pa nyanja popanda pothawira. Ngati mukufuna kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's ku Likoma, siyani boti ku Chintheche, pitani ku Nkhata Bay mukakwere Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951.

Mukafika ku Chintheche, werengerani ndalama pamaso pa onse ndipo mulipire akapitawo ndi mnzawo zonse, kuphatikizapo masiku obwerera. Iwo atsala ndi ntchito yobweza boti kummwera, mwina podikira mphepo itembenuke, mwina pa injini m'mamawa kuli bata, choncho asiyireni ufa, madzi ndi petulo wotsala, ndipo muwaimbire mpaka mutamva kuti afika ku Nkhunga. Inuyo, pakatha miyezi iwiri, pitani kuchipatala mukayezetse likodzo ngakhale musamve kupweteka paliponse. Ndipo thupi likatentha m'masabata oyambirira mutabwerako, kayezetseni malungo tsiku lomwelo.