MWABVI WA MASIKU ANO: Phunziro la Kukhulupirirana m'Banja

Kale, mwamuna akaganizira mkazi wace kuti wacita cigololo, mboni palibe, mlandu unkatha ndi mwabvi. Mapondera ankasinja khungwa la mtengowo, nalisakaniza ndi madzi, napatsa woganiziridwayo kuti amwe. Nthawi zina ankamwetsa nkhuku kapena garu m'malo mwa munthu. Wosanza ankayesedwa wosalakwa, wakufa ankayesedwa wocimwa. Anthu ambiri osalakwa anatsikira kumanda cifukwa ca mwambo umenewu, kufikira boma linauletsa. Ku Nyasaland unaletsedwa ndi lamulo la caka ca 1911, ndipo kuno komwe unaletsedwanso. Mtondo wa mapondera unatayika, koma mtima wofuna mwabvi sunafe ai. Lero ambiri aufunafuna m'foni ya mnzao wa ukwati.

FANIZO

Mwamuna wina anali pa nchito ku Kitwe, ndipo mkazi wace anatsala ku Katete kusamala munda ndi ana. Atabwera kwao pa Khirisimasi, anadzuka pakati pa usiku natsegula foni ya mkaziyo mobisa. Anapezamo nambala yacilendo imene inaimba kasanu m'sabata limodzi. Masiku atatu anadya nsima wosalankhula. Tsiku lacinai anafunsa mwaukali, nati, "Amai a mwana, nambala iyi nja yani?" Mkazi anayankha, nati, "Bambo, ameneyo ndi wogula nshawa zathu, ndipo ndalama zace ndizo zagula nsapato za ana anu. Mukadandifunsa usana ndikadakuuzani. Koma inu mwandizonda usiku ngati mbala m'nyumba yanga yomwe." Kuyambira pamenepo mkaziyo anatseka foni yace ndi nambala yacinsinsi, ndipo mwamuna poona kutsekako anati m'mtima mwace, "Si izi nanga?" Cotero kuzonda kunabala kubisa, ndi kubisa kunabala kuzonda kwina.

CIFUKWA CACE FONI SI MBONI YOKWANIRA

Coyamba, foni siingathe kuyeretsa munthu. Uthenga ufafanizika ndi cala cimodzi, ndipo kuyambira caka ca 2020 WhatsApp iri ndi njira yakuti mauthenga azifafanizika okha. Cifukwa cace wansanje akapeza foni yopanda kanthu sakhuta, angoti, "Wafafaniza." Pamenepa foni iposa mwabvi kuipa, pakuti wosanza mwabvi ankamasulidwa tsiku lomwelo, koma woyesedwa ndi foni ayesedwanso mawa ndi mkuja.

Caciwiri, foni inena mbali imodzi yokha ya nkhani. Tizizindikiro tiwiri tabuluu, timene WhatsApp inayambitsa m'caka ca 2014, tionetsa kuti uthenga watsegulidwa, koma sitinena cimene caletsa munthu kuyankha. Kapena ali pa maliro, kapena magetsi azima, kapena mnansi wabwereka foniyo kuti aimbire mwana wace ku Lusaka. Mtima wokayika usankha cifukwa coipa nusiya zabwino zonse.

Cacitatu, m'foni muli zinsinsi za anthu ena. Mlongo wauza mbale wace za nthenda yace; mkristu waulula bvuto lace kwa mkulu wa mpingo; namwino walandira uthenga wa wodwala. Wozonda foni ya mnzace atsegula zitseko za anthu amene sanamlakwire.

CIMENE MALEMBO APHUNZITSA

Buku la Numeri, mutu 5, linena za mwamuna wogwidwa ndi nsanje wopanda mboni. Iye sanaloledwe kuweruza yekha kunyumba. Anayenera kupita kwa wansembe. Pa 1 Samueli 18 Mfumu Sauli anayamba kuyang'ana Davide ndi diso la nsanje, ndipo kuyambira pamenepo cabwino ciri conse cimene Davide anacita cinaoneka coipa pamaso pace. Koma Yosefe, pa Mateyu 1, anali ndi cifukwa cooneka cakukayikira Mariya wopalidwa ubwenzi naye; komabe, asanadziwe coonadi, anatsimikiza mtima kusamcititsa manyazi pa anthu. Ndipo pa Mateyu 18 Ambuye alangiza kuti wolakwiridwa ayambe walankhula ndi mnzace ali awiri okha, ndipo zikakanika atenge wina mmodzi kapena awiri. Njira imeneyi iyenda poyera, nkhope ndi nkhope.

KUKAYIKA KUKAKHALA NDI MAZIKO

Phunziroli silinena kuti kukayika konse nkwacabe. Alipo ndithu amene anyenga anzao, nabweretsa kachirombo ka HIV ndi umphawi m'nyumba. Akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa. Wobisa foni pansi pa mtsamiro, wothawira kuseri kwa nyumba ikalira, asadabwe mnzace akamganizira, pakuti iye mwini ndiye wabzala mbeuyo.

Koma wokayikayo acite zinthu mwa dongosolo. Anene cimene waona, pa nthawi yabwino, ana atagona, wopanda mowa ndi wopanda mwano. Akalephera kumvana, aitane ankhoswe, pakuti nchito yao ndiyo yomweyi, ndipo mutu umodzi susenza denga. Pakakhala mantha a nthenda, onse awiri apite pamodzi kucipatala kukapimitsa mwazi. Yankho la kumeneko nloona kuposa la foni. Ndipo nsanje ikasanduka kuopseza, kulanda foni, kuletsa mkazi kuceza ndi abale ace kapena kummenya, imeneyo ndi nkhanza. Dziko la Zambia linakhazika lamulo loletsa nkhanza zotere m'caka ca 2011, ndipo liwerengera nkhanza ya pa mtima pamodzi ndi ya pa thupi. Wozunzidwa apite kwa apolisi a Victim Support Unit. Kutero si kunyoza ukwati ai, koma kusunga moyo.

KUPATSA NDI KULANDA

Mabanja ena agwirizana kuuzana nambala zacinsinsi, ndipo foni ikhala pa thebulo ngati mbale ya ndiwo. Cimeneci ncokoma cikacokera m'kufuna kwa onse awiri, ndipo cikamanga mwamuna monga cimanga mkazi. Koma copatsidwa ndi colandidwa nzosiyana. Mwamuna wofuna kuona foni ya mkazi wace, yace ataitseka, safuna coonadi koma ulamuliro. Anyamata ndi anamwali opalana ubwenzi azindikirenso ici: wofunsa usana ndi usiku kuti, "Uli kuti, uli ndi yani?" asanapereke ndi cimalo comwe, sadzaleka atalowa m'nyumba.

Kukhulupirirana kukula monga mtengo wa mango, pang'ono pang'ono, ndi mau oona a tsiku ndi tsiku ndi malonjezo osungidwa. Wofukula muzu m'mawa uli wonse kuti aone ngati wagwira, aupha mtengowo ndi manja ace.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi mwamuna wa m'fanizo akadacita ciani atangoyamba kukayika?
2. Nanga mkaziyo anacita bwino kutseka foni yace?
3. Ankhoswe ndi alangizi angaphunzitse ciani za foni ukwati usanamangidwe?