Phunziro: Botolo la Algarrobina Liyenera Kunena Zoona

Kumpoto kwa dziko la Peru, m'dera louma la Piura, mumamera mtengo wotchedwa algarrobo. Anthu a ku Spain atafika kumeneko m'zaka za m'ma 1500, anaupatsa dzinali chifukwa zipatso zake zimafanana ndi za carob wa kwawo. Eni nthaka anali akudya kale zipatsozi. Lero amaziwiritsa m'madzi, n'kusefa, kenaka n'kuwiritsabe madziwo mpaka atasanduka manyuchi akuda otchedwa algarrobina.

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa ntchito yokonza botolo la manyuchiwa ndi lebulo yake. Mungayambire pati?

Choyamba, botolo ligwire ntchito yake. Algarrobina ndi wonanda ndiponso womata, choncho chivindikiro chiyenera kutseka bwino. Lebulo inene kulemera kwake, tsiku lomwe adzathe mphamvu, komanso ngati athiramo shuga. Zojambula zisaphimbe mawu amenewa.

Chachiwiri, zojambula zichokere kumene manyuchiwo achokera. Ambiri akamva za Peru amaganiza za Machu Picchu, koma malo amenewo ali kutali, kumapiri a ku Cusco. Ku Piura kunkakhala anthu otchedwa Vicús ndi Tallán. Oumba mbiya a m'tauni ya Chulucanas akutsatabe luso la makolo amenewa: mbiya zawo amazifukiza ndi utsi wa masamba a mango, ndipo zimatuluka ndi mizere yakuda ndi yoyera. Mu 2006 boma la Peru linateteza mwalamulo dzina la mbiyazi. Mizere yotereyi ndiyo ingauze wogula kwawo kwenikweni kwa algarrobina.

Chachitatu, eni luso atchulidwe. Kutenga chojambula cha woumba popanda kupempha, n'kupangira ndalama, ndi kuba ndithu ngakhale botolo litakongola bwanji. Pemphani chilolezo, lembani dzina la dera, ndipo mwini wake alandirepo kanthu.

Pali nkhani inanso. Mitengo ya algarrobo ikutha chifukwa chootcha makala. Anthu akamapeza phindu pa zipatso zake, amaona chifukwa chousiyira mtengo uli chiimire. Botolo lokonzedwa bwino limathandiza kuti phindulo lifike kumudzi.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani chithunzi cha Machu Picchu chingasocheretse wogula algarrobina?
2. Kodi kulemekeza chikhalidwe cha anthu kumasiyana bwanji ndi kuchigulitsa?
3. Sankhani chakudya chimodzi cha kwanu. Mungajambule chiyani pa lebulo yake, ndipo mungapemphe chilolezo kwa yani?