Luso Lotunga Mikanda ku Senga Bay ndi Zikumbutso za Ziweto

M'nkhani ino ndifotokoza za luso lopanga zodzikongoletsera pamanja monga momwe limachitikira m'mbali mwa nyanja m'boma la Salima, makamaka ku Senga Bay, malo amene ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa Salima boma. Zambiri zimene ndalemba ndinaziphunzira kwa amalume anga, amene ali ndi kachisakasa kogulitsira ziboliboli ndi mikanda m'mphepete mwa msewu wopita kunyanja. Cholinga changa ndi kusonyeza kuti mmisiri wa ntchitoyi safunika kudziwa kutunga kokha ayi. Ayenera kudziwanso tanthauzo la chinthu chimene akupangacho, kwa wochigula ndiponso kwa anthu a m'mudzi amene akumuona akuchipanga. Mfundoyi imaonekera bwino pa ntchito ina yachilendo imene amisiri ena ayamba kupemphedwa, yopanga zikumbutso za agalu ndi amphaka amene anafa.

Mikanda si yachilendo kuno

Anthu ena amaganiza kuti mikanda inabwera ndi alendo odzaona nyanja. Izi si zoona. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anakumba pa Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, pamene panali likulu la Kalonga, ndipo anapezapo mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa ndi zaminyanga, ngakhalenso mapale a mbale zochokera ku China. Zimene anapezazo anazifotokoza m'buku lake limene linatuluka mu 2020, zaka mazana angapo malondawo atatha. Mikanda yagalasiyo inkachokera kutsidya kwa nyanja yamchere, ndipo m'zaka za m'ma 1800 amalonda achiyao ndi a Jumbe a ku Nkhotakota ankaisinthanitsa ndi minyanga ya njovu komanso, chomvetsa chisoni, ndi anthu.

Chofunika kuchiona ndi chakuti makolo athu sankavala mkanda mwachisawawa. Mphande, yosemedwa kuchokera ku chigoba cha nkhono ya m'nyanja yamchere, inali ya mafumu ndi anthu olemekezeka. Mikanda ya m'chiuno ndi nkhani ya kuchipinda, ndipo anamkungwi amaphunzitsa kuti wofiira ndi woyera uliwonse uli ndi uthenga wake kwa bambo wa m'nyumba. Kamkuzi ka m'khosi kapena m'chiuno mwa khanda ndi koteteza. Choncho kwathu kuno chinthu chovala pathupi chimayankhula, ndipo anthu akachiona amafuna kudziwa chimene chikunena.

Zipangizo

Mmisiri wa ku Senga Bay amagula zochepa, zambiri amatola. Mikanda ing'onoing'ono yagalasi, tingowe ta ndolo ndi tomangira ta m'khosi amakagula ku Lilongwe, ndipo zonsezi ndi zochokera kunja. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthuzi inakwera kwambiri. Izi zinachitika malonda asanadzuke bwinobwino kuchokera pa mliri wa Covid-19 wa mu 2020, pamene alendo anasowa kwa miyezi yambiri. Mu 2024 nyanja nayo inasefukira ndi kulowa m'malo ena ogona alendo. N'chifukwa chake wodziwa kugwiritsa ntchito za m'tchire ndi za m'mbali mwa nyanja ndiye amapirira.

Njere za malambe ndizo zosavuta kupeza, pakuti milambe ndi yambiri m'boma lino. Timazitsuka kuti ufa uchoke, kuziwiritsa pang'ono, kuziboola zikadali zofewa, kenaka kuziyanika masiku angapo. Wodumpha kuwiritsa ndi kuyanika adzapeza kuti patapita miyezi iwiri mkanda wake ukutuluka fumbi, tizilombo titaufumbula m'kati. Palinso njere ya mgwalangwa. Ukachotsa chikhokho chake umapeza mtima woyera ndi wolimba umene, ukaupala bwino, umafanana ndi mnyanga wa njovu. Imeneyi ndi njere yamtengo wapatali kwa ife chifukwa malonda a minyanga pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989, ndipo m'dziko muno wopezeka ndi mnyanga amamangidwa. Nyanga ndi mafupa a ng'ombe timakatenga kwa ophera nyama. Fupa limafunika kuliphika mpaka mafuta onse atatha, apo ayi limasanduka lachikasu ndi kuyamba kununkha likamva thukuta.

Pali njere ina imene ndikufuna kuchenjeza aliyense: kanjere kofiira kwambiri kokhala ndi kadontho kakuda kumutu, kamene kamabala pa chomera choyanga. N'kokongola zedi ndipo alendo amakakonda, koma m'kati mwake muli poizoni woopsa. Kakabooledwa, poizoniyo amakhala poyera, ndipo mwana akatafuna kamodzi kokha akhoza kufa. Amalume salola njerezi pamalo pawo ngakhale wogula atalonjeza ndalama zingati.

Za mitengo ndinene mwachidule. Phingo, mtengo wakuda bii m'kati, ndiwo umafunidwa kwambiri, koma ukusowa, ndipo kuyambira mu 2017 uli m'gulu la mitengo imene malonda ake akunja amayang'aniridwa ndi pangano la CITES. Ambiri masiku ano amasema mtengo wamba ndi kuupaka polishi wakuda wa nsapato. Kupaka polishi si mlandu. Mlandu ndi kumuuza wogula kuti ndi phingo. Ndolo ndi timitima ta m'khosi sizifuna kugwetsa mtengo, tizidutswa totsala kwa osema mipando ndi ziboliboli n'tokwanira. Waya wamkuwa timachotsa m'mainjini amagetsi amene anapsa. Munthu wosamudziwa akabwera ndi waya watsopano wonyezimira, ndi bwino kumukana, chifukwa kawirikawiri amakhala wakuba.

Katungidwe

Zida zake ndi zochepa: pulayazi, kampeni, sandipepa, ndi sipoko ya njinga yosongoledwa imene timaiotcha pamakala poboola njere. Chingwe chodalirika ndi cha asodzi, chija amamangirira mbedza, chifukwa sichiola ndi madzi. Mkanda wa m'khosi wa munthu wamkulu umakhala wotalika masentimita 45 kapena kuposerapo, chibangiri masentimita 18.

Wophunzira amafulumira kutunga, koma ntchito yeniyeni ili pa kuyala. Usanagwire chingwe, yala mikanda yonse pansalu, kuyambira pakati kupita kumbali zonse ziwiri, kuti kumanja kufanane ndi kumanzere. Njere yaikulu ikhale pakati, zing'onozing'ono zizipita kukhosi. Pakati pa njere ziwiri zolimba ikapo kamkanda kagalasi kuti zisapekesane. Potsiriza usakoke chingwe kwambiri. Mkanda wothina umauma gwa ngati ndodo ndipo sugona pachifuwa, pomwe wolekerera umaonetsa chingwe. Mfundo imangidwe kawiri, idonthezedwe guluu pang'ono, ndipo ibisidwe m'kati mwa njere yoyandikana nayo. Mkuwa umasiya zobiriwira pakhungu, makamaka kuno kotentha, choncho timaupaka kyutekisi wosaoneka mtundu. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amalume amabwereza mwambiwu nthawi zonse akaona wophunzira akuphwanya zigoba poboola mothamanga.

Zikumbutso za ziweto

Tsopano ndifike pa nkhani imene inandichititsa kulemba. Ku Ulaya, kuvala chikumbutso cha wakufa ndi mwambo wakale. Prince Albert atamwalira mu 1861, Mfumukazi Victoria ya ku Britain inavala zakuda moyo wake wonse, ndipo zodzikongoletsera za maliro zinatchuka kwambiri: zina zamwala wakuda wa ku Whitby, zina zokhala ndi tsitsi la malemu m'kati. Masiku ano mwambowu unafika ndi kwa ziweto. Galu akafa, mwini wake amasunga ubweya pang'ono, kapena phulusa ngati mtembo wawotchedwa, ndi kukaupereka kwa mmisiri kuti auike m'mphete kapena m'kanthu ka m'khosi.

Kwa ife izi zimadabwitsa pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi malo a galu. Kumudzi galu ndi mlonda ndi mlenje. Akafa amakumbiridwa dzenje kuseri, nkhani yatha. Chiyankhulo chathu chenichenicho chikuchitira umboni: mawu akuti chiweto amaphatikiza mbuzi, nkhuku ndi galu, ndipo tilibe liwu lapadera la nyama yosungidwa chifukwa chongoikonda. Kumutchula munthu kuti galu ndi kumutukwana. Komabe tisafulumire kunena kuti sitisamala agalu, pakuti timawapatsa mayina, ndipo ena mwa mayinawo, monga Amanena kapena Mudzaona, amakhala mauthenga opita kwa anansi. Mlenje amene galu wake wafa amakhala masiku osaseka, kungoti alibe mwambo woonetsera chisonicho. M'matauni namo zinthu zikusintha. Bungwe la LSPCA, limene linayamba ntchito ku Lilongwe mu 2008, limalandira agalu ndi amphaka odwala kuchokera kwa Amalawi omwe, osati azungu okha.

Chifukwa chachiwiri ndicho chachikulu, ndipo ndi nkhani ya tsitsi. Pa mwambo wa Achewa, maliro amatsatidwa ndi kumeta. Tsitsi lometedwalo silisungidwa. Limachotsedwa pamaso pa anthu, kusonyeza kuti ofedwa alekana ndi imfayo. Mzungu amasunga tsitsi kuti asalekane ndi wakufa, ife timalichotsa kuti tilekane naye. Kuonjezera apo, tonse tinakula tikuuzidwa kuti tsitsi ndi zikhadabo sizitayidwa paliponse, poopa anthu oipa. Tsono taganizani munthu atakhala pamkeka, akutsekera ubweya wa galu wakufa m'kanthu kovala m'khosi. Wodutsa adzati chimenecho n'chithumwa.

Zoterezi zinawachitikira amalume. Mayi wina wochokera kunja, amene ankagwira ntchito ku Lilongwe ndipo ankakonda kubwera kunyanja ndi galu wake, anafika tsiku lina yekha, atanyamula envulopu. Anapempha kuti amupangire kanthu ka m'khosi kokhala ndi ubweya wa galuyo. Madzulo ake akazi awo a amalume anafunsa kuti, "Kodi bambo, mwayamba liti using'anga? Anthu akamva atiyesa chiyani ife?" Funsoli silinali lachibwana. M'dziko muno anthu amenyedwapo ndi kuthamangitsidwa m'midzi chifukwa chongoganiziridwa ufiti, ndipo wamalonda akatchuka ndi mbiri ya zizimba, anzake amati makasitomala amawakoka ndi mankhwala. Amalume anayankha kuti, "Mayi, chobisika ndicho chimaopsa. Ndipangira poyera, aliyense aone." M'mawa mwake anayala zida panja pa chisakasa, ndipo aliyense wofunsa ankamuuza kuti akupanga chiliza chaching'ono cha galu wa mzungu. Anthu anaseka, ena anapukusa mitu, koma palibe anakayika. Ndimaona kuti liwu lakuti chiliza ndilo linagwira ntchito yaikulu kuposa china chilichonse, chifukwa linachotsa chinthucho m'gulu la mankhwala ndi kuchiika m'gulu la zinthu zimene tonse timazidziwa.

Kapangidwe kake n'kotere. Choyamba funsa chimene chinapha chiwetocho. Ngati galu anafa akutuluka dovu, akuluma zilizonse, kapena mosadziwika bwino, usalandire kanthu kalikonse kochokera pathupi pake, ndipo mwini wake akaonane ndi alangizi a ziweto, pakuti chiwewe chikadalipo m'dziko muno ndipo chimapha. Ubweya ukhale wometa ndi sizasi, wochapidwa ndi sopo, ndi wouma kotheratu. Kenaka sema kachidutswa ka mtengo kapena ka nyanga, kukula kwake ngati ndalama yachitsulo, ndipo pakati pake ugobe kadzenje kosaya. M'kadzenjemo ndimo mugone ubweya, wochepa chabe, wopotedwa ngati kamphete.

Potsekera pali njira ziwiri. Yamakono ndi yothira resin, utomoni wa m'sitolo umene umabwera m'mabotolo awiri osakaniza ndipo ukauma umaoneka ngati galasi. Uthiridwe kawiri: koyamba pang'ono kuti ugwire ubweya usayandame, kachiwiri kodzazitsa, woyambawo utalimba. Chinyezi chimauchititsa chifunga, choncho nyengo ya dzinja si yabwino pa ntchitoyi, ndipo kutentha kwa ku Salima kumaulimbitsa msanga, motero ndi bwino kusakaniza m'mamawa. Uume tsiku lathunthu utavundikiridwa ndi kapu poopa fumbi ndi tizilombo. Wogula auzidwe kuti resin amasanduka wachikasu akakhalitsa padzuwa. Njira yachiwiri, imene ine ndimaikonda, ndi yosema kachivundikiro ka mtengo womwewo ndi kukamata ndi guluu, ubweya n'kukhala m'kati osaoneka. Njirayi siifuna chogula kutali, siiopa dzuwa, ndipo wovala amadziwa yekha chimene wanyamula. Kumbuyo kwake timalembako dzina la chiwetocho ndi chaka pogwiritsa ntchito sipoko yamoto. Dzinalo mwini wake alilembe yekha papepala, chifukwa chilembo chowotcha sichifufutika.

Amene safuna kugwira ubweya angathe kupanga chikumbutso ndi zinthu zina: kachitsulo ka dzina ka pa lamba wa galu, kachikopa ka lambayo kosokerera pa chibangiri, kapena chithunzi cha phazi lake chosemedwa pa njere ya mgwalangwa.

Pa mtengo, amalume amawerengera masiku amene ntchito yatenga ndi zipangizo, osati misozi ya wogula, ngakhale kuti munthu wachisoni sanenerera. Ndipo ubweya wotsala sautaya kudzala kapena kuusunga m'nyumba. Amaubwezera mu envulopu yomwe unabweramo, ndi kuupereka m'manja mwa mwini wake pamodzi ndi chikumbutsocho, anthu akuona.