Kusoka Sikipa ya Mwana ndi Zidutswa za Nsalu

Tikatha kukolola, ntchito za kumunda zimachepa, ndipo imeneyi ndi nyengo yabwino yogwira singano. Masikipa akuluakulu a pa salaula amene anang'ambika m'khwapa, ngakhalenso zidutswa zimene atelala amataya, zingathe kuveka mwana popanda kukhudza ndalama ya feteleza.

Nsalu ya sikipa imasiyana ndi chitenje. Imatanuka, ndipo mbali imodzi imatanuka kuposa inzake. Tisanadule, tikoke chidutswa chilichonse m'litali ndi m'lifupi. Mbali yotanuka kwambiri ndiyo izungulire thupi. Ambiri amalakwa pomwepa polumikiza zidutswa: china chagona, china chaima. Sikipa yotere imapotoka ikachapidwa, mwinanso mutu wa mwana umakana kulowa.

Tichape nsalu yonse poyamba, pakuti ya thonje imafupika. Kenaka tiyale pa nyuzipepala sikipa imene imamukwana mwanayo, tijambule kutsogolo, kumbuyo ndi mkono, ndi kuwonjezerapo sentimita 1 ya msoko. Posoka tiyambe ndi mapewa, titsatize khosi ndi mikono, m'mbali pomaliza.

Makina ambiri opalasa ndi phazi amasoka msoko woongoka wokha, umene umaduka nsalu ikatanuka. Tisankhe ulusi wa polyester, ndipo tizikoka nsalu pang'ono posoka. Amene makina awo ali ndi zigzag asoke ndi imeneyo. Mkombero wa m'khosi ukhale waufupi kuposa bowo lake: bowo la masentimita 40 limafuna mkombero wa masentimita 34. Ukatalika, khosi limayasama ngati pakamwa pa thumba.