Kulimbana ndi Chisanu Pansi pa Nyanja ku Cape Town: Mafunso ndi Mayankho

Kodi madzi a ku Cape Town amazizira motani?

Kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ambiri osambira ndi silinda ya mpweya kumsana amalowera ku False Bay, cha ku Simon's Town, chifukwa nthawi imeneyi madzi amayera mbali imeneyo. Amakhala pa madigiri 12 mpaka 15. Mbali ya Atlantic ndiyo yodabwitsa: kumazizira kwambiri m'miyezi yotentha, pamene mphepo ya kummwera chakummawa imakankha madzi a pamwamba, ozizira a pansi n'kukwera, mpaka kufika pa madigiri 10 kapena kutsikirapo. Amene anaphunzirira ku Nkhata Bay kapena ku Cape Maclear, kumene madzi amakhala pamwamba pa madigiri 20 ngakhale mwera utavuta, asaganize kuti chovala chakecho chimukwanira kuno.

Madigiri 14 pamtunda n'ngopiririka. M'madzi chimasintha n'chiyani?

Madzi amakoka kutentha m'thupi pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. Komanso mpweya wa m'silinda ndi wouma ndi wozizira, choncho mukamapuma mukutayanso kutentha.

Ndivale wetsuit kapena drysuit?

Wetsuit imalowetsa timadzi pang'ono, koma chimene chimakutetezani ndi tithovu ta mpweya tomwe tili m'kati mwa mphira wake wotchedwa neoprene. Vuto lake n'loti tithovuti timafinyika mukamatsika. Pa mamita 10 mphamvu yopanikiza thupi imakhala itawirikiza kawiri, pa mamita 30 kanayi, ndipo chovala chomwe chinali chochindikala pagombe chimakhala chitapyapyala pamalo pomwe madzi ndi ozizira kwambiri. Ku False Bay ambiri amavala ya mamilimita 7, kapena ya mamilimita 5 ya zidutswa ziwiri zosanjikizana pachifuwa.

Drysuit imatseka pakhosi ndi m'mikono kuti madzi asalowe, ndipo mumaipopera mpweya kuchokera m'silinda kuti isakufinyeni. Ndi yodula, ndipo imafuna maphunziro akeake: mpweya ukathawira kumiyendo, mutha kuyandama chadodolido n'kukwera msanga musakufuna. Kwa munthu wolowa kamodzi, mphindi 40, wetsuit yabwino ikwanira. Wolowa kawiri kapena katatu pa tsiku, drysuit ndiyo ya nzeru, chifukwa ulendo wachiwiri umakupezani thupi lisanabwerere m'malo mwake.

Ndiye yochindikala kwambiri ndiyo yabwino?

Ayi. Yabwino ndi yokukwanani. Wetsuit ya mamilimita 7 yokhwepa pakhosi ndi m'khwapa imaposedwa ndi ya mamilimita 5 yogwira thupi, chifukwa mukangotembenuza mutu madzi atsopano amalowa pamsana kuti zii, n'kutulutsa amene munawafunditsa kale. Pobwereka chovala, musachite manyazi kuyesa zitatu kapena zinayi. Yakale yomwe mphira wake unauma n'kuphwatalala, ibwezeni.

M'kati mwa drysuit ndivale chiyani?

Zaubweya kapena zopangidwira ntchito imeneyi. Thonje ayi: limamwa thukuta n'kukhala lonyowa pakhungu. Drysuit yopyapyala payokha sifunditsa. Chofunditsa ndi chomwe mwavala m'katimo.

Nanga mutu ndi manja?

Chipewa cha neoprene chofika pakhosi musachisiye. Magolovesi ndi nsapato zake nazonso. Manja ndiwo amayamba kugonja, ndipo zala zochita dzanzi zimalephera kumasula lamba wa zitsulo kapena kudina batani la jekete lokuthandizani kuyandama pa nthawi yomwe mukufunikira kutero. Komabe magolovesi ochindikala kwambiri amalepheretsanso kugwira zinthu, ndiye yesani zipangizo zanu zonse mutawavala musanakwere boti.

Ndikayamba kunjenjemera pansi, ndipirire?

Musapirire. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, makamaka amuna oopa kuoneka ofooka pamaso pa anzawo. Kunjenjemera kosalekeza ndi chizindikiro choti thupi layamba kugonja. Kutentha kwa m'kati mwa thupi kukatsika kuchoka pa madigiri 37 kufika pansi pa 35, nzeru zimayamba kuchedwa, munthu n'kumawerenga molakwika mpweya wotsala, pamene chisanu chikumumalizitsanso mpweyawo msanga. Muuzeni mnzanu ndi manja, podzikumbatira ndi kusisita mikono, ndipo kwerani limodzi pang'onopang'ono monga mwa malamulo.

Kodi chipangizo chopumira chingaundane?

Chingathe. Mpweya ukamatuluka m'silinda umazizira kwambiri, ndipo chinyontho chikaundana, chipangizochi, chotchedwa regulator, chimayamba kutulutsa mpweya osaleka. Muyezo wa ku Europe wa EN 250 umati madzi osakwana madigiri 10 amafuna regulator yoyesedwera madzi ozizira. Ku False Bay izi sizichitika kawirikawiri, koma mbali ya Atlantic muziganizirepo.

Zoti kukodza m'wetsuit kumafunditsa n'zoona?

Kwa mphindi imodzi. Zotsatira zake ndi fungo m'galimoto pobwerera. Mkodzo umachuluka chifukwa chisanu chimakankhira magazi m'kati mwa thupi, impso n'kumaona ngati madzi achuluka. Musasiye kumwa madzi pofuna kupewa zimenezi.

Ndikatuluka, ndithamangire madzi otentha kapena kabotolo?

Zonse ziwiri ziyambe zadikira. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu: mumamva kutenthera pamene kutentha kwenikweni kukuthawa. Madzi otentha kwambiri mutangotuluka kumene angathandizire nayitrojeni yomwe ili m'thupi kupanga thovu, matenda amene osambira amati bends. Kafukufuku wa asilikali a pamadzi a ku America, wa Navy Experimental Diving Unit, anasonyeza mu 2007 kuti kukhala wofunda potsika koma wozizidwa pokwera kumawonjezera kwambiri ngozi ya matendawa. Choncho vulani chonyowacho msanga, dzipukuteni, valani jekete lotchinga mphepo ndi chipewa, khalani pobisika, imwani tiyi wa shuga ndipo idyani kanthu. Pa boti lothamanga, mphepo yowomba wetsuit yonyowa imapitiriza kukuzizitsani, ndiye jeketelo livaleni pamwamba pake injini isanalire.