Malangizo: Kusunga Udzu wa Ziweto Mvula Ikachuluka

Malangizowa ndi a inu oweta ng'ombe zamkaka, mbuzi ndi akalulu. Mvula ikamagwa mosalekeza mu Febuluwale ndi Malichi, udzu womweta suuma, umachita chuku n'kuwola. Ng'ombe ikadya udzu wotere mkaka umachepa, ndipo pofika Okotobala mumayamba kugula madeya mokwera mtengo, phindu lonse n'kuthera pomwepo.

Tsono musanamwete, yambani mwamvera a nthambi yoona zanyengo. Mwetani kukakhala dzuwa la masiku angapo, yanikani pathandala, muzitembenuza, ndipo ukauma usungeni m'shedi yosadontha. Masangwe a mtedza musawotche, ziweto zimanenepa nawo. Zikavuta, pitani kwa alangizi a ziweto msanga.